Machesi a M'jekete la a Kolopa

Bwana wa ku ofesi anaika katoni patebulo mosamala ngati muli mazira, kenaka anakhala pampando umene sanapatsidwe. Unali mpando wa malemu. Onse m'chipindamo anaona. Changu, amene anaima chotsamira khoma pafupi ndi zenera, anayang'ana kumbali.

Linali tsiku lachitatu chiwaikireni achimwene ake m'manda. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, achibale akutali atabalalika, ndipo m'nyumbamo munatsala anthu anayi: alamu ake ofedwawo, mwana wawo wamkazi wophunzira unamwino, achemwali ake aakulu amene zobwerera kwawo anali asanayambe n'kuziganiza komwe, ndi Changuyo, dzanja lamanzere lili m'bandeji.

Malemuwo anayang'anira nyumba yosungiramo katundu pafakitale ya masiwiti ndi mabisiketi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dzina lawo lenileni linkapezeka pachiphaso pokha. Aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka akazi awo omwe akapsa mtima, ankati a Kolopa, chifukwa munthuyo ndi kansanza konyowa sankasiyana. Matumba a ufa wa gulukosi ankawasanja pamatabwa, osakhudza pansi, osatsamira khoma, kuopa chinyezi, ndipo thumba lakale ndilo linkayamba kutuluka ngakhale likhale kuseri kwenikweni. Anzawo akamapita kukadya masana, iwo ankakwera makwerero n'kumapukuta pamwamba pa mitanda ya denga, pamapaipi, pamagalasi otchinga mababu, malo amene palibe bwana anayang'anako chibadwire. Ankati fumbi la gulukosi likafika poti munthu n'kulembapo dzina ndi chala, ndiye kuti akulemba la pamanda pake. Anthu ankaseka. Changu ndiye ankaseka koposa onse, pokhala mng'ono wawo, ngakhale kuti iwowo ndi amene anamupezera ntchito yonyamula matumba momwemo.

Lachiwiri lapitalo, nthawi ya masana, nyumba yosungiramo katunduyo inaphulika. Malata ena a denga anakawatola kutsidya kwa msewu. A Kolopa anatsirizikira kuchipatala tsiku lotsatira, osatsegula maso.

Chimene chinaimitsa anthu mitu sichinali imfayo yokha. Achemwali anafunsa funso lawo kuchipatala, analifunsa kumanda, ndipo ankalifunsabe kwa aliyense wolowa pakhomo kudzapepesa.

"Koma anthu inu, gulukosi? Yemwe uja timasungunulira wodwala kuti apeze mphamvu? Munthu wamkulu ndi ndevu zake n'kufa ndi zotsekemera?"

Mwana wa malemu anayesa kuwafotokozera kuti ufa wosalala chotere ukauluka n'kudzaza chipinda, kamoto kakang'onong'ono kamakwana kuyatsa mpweya wonsewo nthawi imodzi. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu movomereza, kenaka anafunsa mlendo wotsatira funso lomwelo.

Bwana wa ku ofesi anapepesa nthawi yaitali, ndi mawu osalala amene ankamveka kuti anawayeserera m'galimoto. Atatha anayamba kutulutsa za m'katoni chimodzichimodzi: kapu ya chitsulo, magalasi owerengera, nsapato zobwerera kunyumba. Pomalizira anatulutsa jekete. A Kolopa ankalikoloweka pamsomali kunja kwa chitseko, chifukwa chovala cha mumsewu sankachilola kulowa pamene pali chakudya cha anthu. Linali losapsa, loyera mbee ndi ufa m'mapewa. Bwanayo anapisa m'thumba lake lakumanja n'kuyala patebulo mabokosi atatu a machesi ndi laita imodzi. Anatsegula bokosi limodzi pang'onopang'ono. M'katimo, pamwamba pa timitengo, munagona ndudu yosuta theka.

"Mayi, sitikufuna kuwonjezera chisoni," anatero. "Koma lipoti liyenera kunena zimene tapeza. Zikuoneka kuti bambo ankakoka fodya pakhomo pomwepo."

Alamu anayang'ana nduduyo, anayang'ana bwanayo, anayang'ananso nduduyo.

"Amuna anga?" Mawu awo anatuluka ang'onoang'ono. "Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala nawo chipinda chimodzi. Utsi wa zinyalala wokha unkawatsokomoletsa."

Bwanayo anatambasula manja, kuonetsa kuti iye si amene anaika machesi m'thumbamo. Anafotokoza kuti mawa nthawi ya naini kubwera ofufuza za ngozi za pantchito kudzafunsa antchito mmodzimmodzi, kuti kampani yalemba kale mbali yake, ndipo anaona chanzeru kuti banja limve kwa iye, lisanamve mumsewu. Zinthuzo anali atazijambula kale, banja likhoza kuzisunga. Kenaka anatembenukira kuzenera.

"Inu, kapitawo wanu akuti munali panja. Si choncho?"

"Ndinali panja," anatero Changu.

Linali bodza lovala malaya a zoona. Pamene moto unkabuka analidi panja, koma sanatuluke ndi miyendo yake.

Bokosi lotsegulidwalo analizindikira lisanafike n'komwe patebulo. Ngodya yake inali yotafunidwa, chifukwa Changu akamadikira basi sakhala osaluma kanthu. Ndudu ija anaizimitsa yekha pachidendene m'mawa wa Lachiwiri lija. Tsiku lililonse, zaka zisanu ndi zitatu, a Kolopa ankaima pakhomo la nyumba yosungiramo katundu dzanja lili chotambasula, osanena kanthu, osamuyang'ana munthu kumaso. Osuta onse anayi ankadziwa. Aliyense ankaponyamo machesi ake, iwo n'kukawaika m'jekete la pamsomali. Madzulo poweruka ankawabwezera mmodzimmodzi, osasokoneza la wina ndi la mnzake, n'kuti, "Katenthereni kwanu." Anyamatawo ankawanena kuti ndi wapolisi wopanda yunifolomu.

Tsiku limenelo kunkabwera alendo ogula katundu wambiri nthawi ya thu koloko. M'mawa womwewo galimoto inatsitsa matumba, angapo ali ong'ambika, ndipo ufa unamwazika pansi ponse mpaka kulowa pansi pa matabwa. Makina opopa fumbi anali atafa miyezi iwiri yapitayo. A Kolopa analemba makalata atatu ku ofesi, ndipo atatu onsewo anayankhidwa ndi mawu akuti tikuziona. Choncho anatulutsa zidebe ndi nsanza zawo n'kuyamba ngodya imodzi, mwa chizolowezi chawo. Kapitawo anayang'ana wotchi, anayang'ana nsanzazo. Anadikira mpaka a Kolopa ataitanidwa ku ofesi kukasaina mapepala a katundu, n'kukodola Changu.

"Tenga paipi ya mpweya ija uuzire. Mphindi khumi zokha. Mkulu wakoyo ndi kansanza kake alendo atipeza tili pakati."

Lamulolo Changu ankalidziwa ngati dzina lake: tsache louma ayi, paipi ya mpweya ayi. Analimva kambirimbiri, pantchito, m'basi, ngakhale pa ukwati wa mwana wa azakhali awo. Koma dzina lakuti Changu sanalitole panjira. Anatenga paipiyo, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri tsopano n'chakuti zinamusangalatsa. Simenti inkatuluka yowala pansi pa mapazi ake. Ufa unakwera m'mwamba, unadzaza nyumba yonse mpaka mababu anangokhala madontho achikasu mu utsi woyera. Milomo yake inkatsekemera. Kumapeto kwa nyumbayo, injini ya lamba wokweza matumba inkazungulirabe, yotentha, ija inkathetheka nthawi zina ikalemedwa.

Anangomva dzanja lamugwira kolala. Achimwene ake sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa, chifukwa anali munthu wokalipa ngakhale pa chingwe cha thumba chotayidwa pansi. Anamukoka chammbuyo mpaka pakhomo, anamukankhira kunja mwamphamvu mpaka anagwa chagada, n'kunena liwu limodzi lokha: "Thawa." Iwo anabwerera mu utsi muja. Changu anamva chitseko chachitsulo cha m'kati chikugudubuzika, chija cholekanitsa nyumbayo ndi holo imene azimayi makumi atatu ankakulungiramo masiwiti. Anamva chikugunda. Kenaka kunamveka kaphokoso ngati tayala laphulika, ndipo asanadzuke n'komwe kunabwera kachiwiri kamene kananyamula denga.

Kuchipatala, akumumanga dzanja, kapitawo anawerama ngati akumupepesa n'kumunong'oneza kuti wakufa sangamangidwe, koma iye ali ndi ana awiri. Changu anagwira mawu amenewo ngati mmene munthu amagwirira mpando m'basi yothamanga. Ankaganiza kuti akangokhala chete, nkhaniyo idzatchedwa ngozi, basi. Zoti angaiveke achimwene ake sanaziganize.

Galimoto ya bwana uja itachoka, achemwali ndi amene anayamba. Anausa moyo, anakonza mpango wawo, n'kunena kuti amuna ndi amuna, bambo awo omwe anamwa mowa zaka khumi amayi osadziwa, akumatafuna masamba a mandimu pobwera. Mwana wa malemu anawayankha ndi ukali umene sanauonetsepo kwa munthu wamkulu, koma pakati pa chiganizo mawu anamuthera. Anakhala pansi n'kuphimba kumaso.

"Azimayi makumi atatu aja," anatero m'manja mwake. "Ngati adadi anachitadi zimenezi, akanawapha onse. Bambo aang'ono, inu munkagwira nawo ntchito. Munawaonapo?"

Changu anati sanawaonepo. Izinso zinali zoona.

Alamu anabweza machesi aja m'thumba la jekete, ananyamula jeketelo n'kutuluka nalo khomo lakuseri.

Changu anapirira m'chipindamo mpaka achemwali atayamba kuwerenga amuna onse a m'banjamo amene anali ndi zobisa. Kenaka anatuluka, akuti akapume mpweya. Kuseri kwa nyumba, pakati pa thanki ya madzi ndi chingwe choyanikira zovala, anawapeza alamu ataima chomufulatira. Jekete lija anali atalikweza kumaso. Poyamba anayesa akulira. Atayandikira anaona kuti atembenuza thumba lakumanja ndipo akulinunkhiza, akulisiya, akulinunkhizanso.

Atamva mapazi anatembenuka. Maso awo anali ouma, otseguka kwambiri.

"Likununkha, alamu," anatero. "Likununkhadi fodya."

"Alamu..."

"Ndiye kuti munthu uja sindinkamudziwa. Ndinkamuchapira, ndinkamusitira, ndinkakangana naye chifukwa chopukuta pamwamba pa zitseko za m'nyumba mwanga ngati ine ndine wauve. Kodi zonsezo zinali zongondionetsa? Ndikulira ndani ine?"

Imfa ya achimwene ake Changu anaipirira. Bokosi la maliro analinyamula ndi dzanja limodzi osagwetsa msozi, anthu n'kumamuyamikira kuti ndi wolimba mtima. Koma apa anaona kuti munthu uja akufa kachiwiri, m'maso mwa mkazi wake, ndipo ulendo uno panalibe kapitawo woti n'kumuloza chala.

"Machesiwo ndi anga," anatero. "Nduduyonso ndi yanga."

Anapisa yekha m'thumba lija n'kuwatulutsa. Lotafunidwali ndi langa. Ili ndi la woyendetsa ngolo yokweza katundu. Ili la wosoka matumba. Laita ndi ya mnyamata wa pasikelo. Anawafotokozera za dzanja lotambasula la m'mawa uliwonse, ndi mawu aja a madzulo. Nkhope ya alamu inamasuka pang'ono ngati akufuna kumwetulira, chifukwa mawu amenewo anali a amuna awo enieni, sakanawapeka munthu wina. Changu akanatha kulekera pomwepo. Anaona khomo lothawira lili lotseguka, ndipo anaima pakhomopo kwa kanthawi.

Kenaka ananena za paipi ya mpweya.

Ananena zonse, maso ali pa ngalande ya madzi. Za kapitawo, za simenti yowala, za kolala, za chitseko. Pamene ankatsiriza, alamu anali atakhala pa beseni lovundikira, jekete lili pamiyendo. Mpopi wa thanki unkadontha. Kwa aneba wailesi inkaimba nyimbo yosagwirizana ndi chilichonse.

"Anayamba akutulutsani inu," anatero patapita nthawi.

"Inde."

"Ndiye n'kubwerera."

"Chitseko chija chimakokedwa cham'kati."

Alamu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa njira ya kumene akukudziwa kale. Kenaka anamuyang'ana, ndipo Changu analakalaka akanamumenya ndi beseni lija.

"Sabata yathunthu mwakhala m'nyumba mwanga. Tiyi wanga mwamwa. Mwanayu wakulirirani paphewa. Lero munthu wachilendo wakhala pampando wawo n'kuwatchula wosasamala, iwo amene anakalamba ali pamakwerero, inu muli chiimire pazenera."

Changu anayembekezera kuti amuuza chochita, kuti amulamula apite kwa ofufuza aja, kapena amuopseza kuti akanena okha. Zikanamupepukira. Koma alamu anangopinda jekete lija bwinobwino, manja m'kati, monga ankalipindira mwini wake.

"Chokani pamaso panga," anatero, osakweza mawu. "Lero sindingathe kukuonani."

Anachoka, osadzera m'nyumba. Kwake anauza mkazi wake, amene analira, anamukalipira, anamufunsa kuti ana adya chiyani akamuchotsa ntchito kapena akamutsekera, kenaka anatulutsa malaya ake oyera n'kuyamba kuwasita osafunsidwa.

M'mawa mwake nthawi ya seveni anali pakhomo la achimwene ake. Pobwera anaima pa kagolosale n'kugula ndudu imodzi ndi bokosi la machesi latsopano, chifukwa chiphulikireni nyumba ija anali asanasuteko, ndipo miyendo inkakana kuyenda yokha. Nduduyo anaisuta theka n'kuitaya. Inkamveka kutsekemera.

Anamutsegulira mwana wa malemu. Maso ake anali otupa, ndipo sanamupatse moni. Amayi ake anali atamuuza. Achemwali anakhala pangodya manja ali pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngoziyo analibe funso. Changu anapempha mabokosi atatu aja ndi laita, kuti akawaike patebulo la ofufuza n'kutchula mwini wa chilichonse, asanatchule za iye mwini. Mtsikanayo anakazitenga, zili m'kapepala ka pulasitiki. Anatulukanso ndi envulopu imene anaipeza m'dirowa ya bambo ake, mmene munali makope a makalata atatu aja, olembedwa ndi dzanja, tsiku lili pamwamba.

"Ndipita nanu," anatero. "Osati chifukwa cha inu."

"Ndamva."

Atatembenuka kuti atuluke anapeza alamu ataima pakhomo, atatseka njira. Sanawamve akubwera. Anali atavala diresi lomwe lija la dzulo, ndipo sankamuyang'ana kumaso. Ankayang'ana thumba la malaya ake oyera, pamene panatukuka kabokosi.

Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, osanena kanthu.

Changu anapisa m'thumba ndi dzanja labwinolo, anatulutsa machesi atsopano aja n'kuwaika m'chikhathomo, ngodya imodzi ili yotafunidwa kale. Alamu anafumbata, anapatuka pang'ono kuti adutse.

"Mudzatenga madzulo," anatero.